Mpanda Ukafika M'madzi

Msewu wochoka pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay umayenda moyandikana ndi nyanja mtunda wautali, koma wapaulendo amaiona nyanjayo mwa apo ndi apo. Akapatukira timisewu tafumbi tolowera kumadzi, chimene amakumana nacho ndi zikwangwani za malo ogona alendo, mageti achitsulo ndi mipanda ya njerwa yogundana. Ku Senga Bay m'boma la Salima ndi chimodzimodzi. Mipanda ina imathera pamene payambira mchenga. Ina imatsetsereka mpaka m'madzi, mwina ndi waya waminga, mwina ndi mulu wa miyala, kuti woyenda m'mbali mwa nyanja akafika pamenepo abwerere. Kuseri kwa mipandayo kuli midzi ya anthu amene makolo awo ankatunga madzi, kusamba ndi kukocheza mabwato pamalo omwewo.

Mkangano ukabuka, mwini malo amatulutsa chikalata. Anagula, analipira, ali ndi lizi ya zaka 99, msonkho amapereka. Anthu a m'mudzi alibe pepala lililonse loti aonetse. Ndiye funso limatsala ili: munthu amene anatsata malamulo onse pogula malo, kodi angakhale akulakwira anzake akatseka njira ya kumadzi?

Yankho limayambira pa kudziwa kuti gombe ndi chiyani kwa amene anabadwira pamenepo. Kwa munthu wochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe, gombe ndi malo opumulirako pa Khirisimasi. Kwa mudzi wa m'mphepete mwa nyanja, gombe ndi chitsime, bafa, msika ndi malo antchito, zonse pamodzi. M'bandakucha mabwato amene anachezera panyanja ndi nyali kusaka usipa amakocheza pamenepo, amayi a geni ya nsomba atadikirira ndi mabeseni. Pamenepo ndi pamene pali matandala oyanikira usipa ndi utaka, pamene abambo amasokera maukonde, pamene amayi amachapira ndi kutsuka mbale, pamene ana amaphunzirira kusambira. Khoka limafuna mchenga wautali wopanda miyala kuti anthu alikokere kumtunda. Ndipo si gombe lililonse limene lingakhale doko. Doko labwino ndi lamchenga, lotsetsereka pang'onopang'ono, lobisika ku mwera. Tsoka lake n'lakuti malo otere ndi omwenso wogula amawafuna, poti palibe amene amamanga loji pakati pa bango. Choncho mchenga ukatsekedwa, mudzi umatsala ndi matope ndi bango, kumene ng'ona imabisala ndiponso kumene nkhono zofalitsa likodzo zimakonda. Mayi amene ankatunga madzi pafupi amayamba kuzungulira mipanda ndi ndowa kumutu. Asodzi a midzi iwiri kapena itatu amadzapanikizana padoko limodzi, mikangano n'kuyamba pakati pa anthu amene kale sankayambana. Ndipo mwera ukadzuka mwadzidzidzi, msodzi wa bwato sasankha pokocheza. Amathawira gombe limene lili pafupi, kaya pali galu kaya pali mlonda.

Komabe mwini loji ali ndi mbali yake, ndipo kuipeputsa sikungakhale chilungamo. Ambiri anaika pamalopo ndalama za moyo wawo wonse, ena ngongole za kubanki. Amalemba ntchito achinyamata a m'midzi yomweyo, amagula chambo kwa asodzi omwewo, ndipo ena anathandizapo kukumba mijigo kapena kumanga midadada ya sukulu. Mlendo amene walipira chipinda amafuna kugona mopanda mantha, ndipo akabedwa foni kamodzi sabweranso, komanso amakauza anzake. Dandaulo la ukhondo nalo si bodza. Kumene kulibe zimbudzi, mchenga umasanduka chimbudzi. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Munthu amene amasesa gombe lake m'mawa uliwonse ali ndi chifukwa chokhumudwira akapeza laipitsidwa usiku. Mpingo nawo sunanenepo kuti kukhala ndi malo ndi tchimo. Mu 1891 Papa Leo XIII, m'kalata yake ya Rerum Novarum, anateteza ufulu wa munthu wokhala ndi chake chimene wachikhetsera thukuta, ndipo lamulo lachisanu ndi chiwiri limateteza mpanda wa wolemera monga limatetezera nkhuku ya wosauka.

Nkhani yagona pa chimene anagulacho. Ekala imodzi ya pagombe ku Senga Bay ndi ekala imodzi ya makilomita 10 kumtunda zimasiyana mtengo kutalitali, chonsecho yakumtundayo mwina ndiyo yachonde. Chimene chimakweza mtengo ndi nyanja. Koma nyanjayo wogula sanaipange, ndipo sinali pamalonda. Malamulo aakulu a dziko amati malo onse a Malawi ali m'manja mwa dziko, ndipo lamulo la za madzi la 2013 limaika madzi onse m'manja mwa Boma. Palibe chikalata cha munthu chimene chimati madzi a Nyanja ya Malawi ndi ake. Tsono apa ndi pamene pali msampha. Madzi akhoza kukhala a aliyense papepala, koma ngati njira zonse zopitira kumadziko zili m'mipanda, madziwo asanduka a eni mipanda. Chitsime cha mudzi chikazunguliridwa ndi minda ya anthu anayi, aliyense n'kutchinga munda wake, palibe amene waba chitsime, koma mudzi ulibenso madzi. Aliyense mwa anayiwo angalumbire kuti anangotchinga pake, ndipo akunena zoona. N'chifukwa chake mlandu wotere umavuta kuupeza mwini: umachitika pang'onopang'ono, poloti ndi poloti, popanda tsiku limene wina angaloze kuti lero ndiye gombe latha.

Thomas Aquinas Woyera, wa m'zaka za m'ma 1200, anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amakonda kuziphatikiza. China ndi mphamvu yosamala ndi kuyendetsa chinthu, ndipo iyi n'koyenera kuti ikhale ya munthu mmodzi, poti cha gulu chimasowa wochisamala. China ndi phindu la chinthucho, ndipo apa mwini sayenera kuchigwira ngati kuti ena kulibe. Mu 1987 Papa John Paul II anafotokoza mfundo yomweyi ndi chifanizo cha kubanki: katundu aliyense wa munthu ali ngati malo amene ali pa chikole, ndipo mwini chikolecho ndi anthu onse. Wokhala ndi nyumba ya pa chikole amagonamo, amaipenta, amaitchula yake, koma sangachite nayo zonse zimene wafuna. Pa malo ena ngongole imeneyi ndi yaing'ono moti siioneka. Pagombe ndi yooneka ndi maso, chifukwa kuseri kwa mpanda kuli chinthu chimene munthu sangakhale masiku atatu osachipeza.

Buku la Levitiko lili ndi lamulo lofanana ndi nkhaniyi. Mwini munda ankaletsedwa kukolola mpaka m'malire mwenimweni, kuti osauka ndi alendo apeze pokunkha, ndipo ndi lamulo limeneli limene linapatsa Rute chakudya m'munda wa Bowazi. Munda unali wa mwini wake, palibe ankatsutsa. Koma m'mphepete mwake munali gawo limene silinali lake kuti amane. Makolo a kuno anali ndi nzeru yomweyo asanamve za Levitiko. Munthu ankapatsidwa munda njira ya kuchitsime kapena ya kumanda ikudutsa pakati, ndipo ankalima uku ndi uku, njirayo n'kuisiya. Woigaula ankaitanidwa kubwalo.

Pali funso lina limene anthu a m'midzi ya kugombe sakonda kulimva: kodi malowo anagulitsa ndani? Wogula sanagwe kumwamba ndi mpanda wake. Pamwambo, mfumu imagawa malo ndi kuwasunga m'malo mwa anthu ake; si mwini sitolo. Koma mapoloti ambiri a pagombe anachoka m'manja mwa mudzi ndi siginecha ya mfumu, kapena ndi chala cha mkulu wa banja amene anaona ndalama zochuluka kuposa zimene akanapeza m'zaka zambiri za usodzi. Munthu amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi sangaweruzidwe mopepuka. Komabe banja likagulitsa malo ake, limagulitsa ake okha. Njira imene inkadutsa pamenepo inali ya midzi yakumtunda, ya ng'ombe zokamwa madzi, ya ana amene sanabadwe. Amenewa sanafunsidwe. Amayi nawo kawirikawiri sanafunsidwe, ngakhale kuti ku Mangochi ndi ku Salima malo ambiri amatsata mbumba ndipo ndi amayiwo amene amapita kumadzi kangapo patsiku. Lamulo la malo a makolo la 2016 linayesa kutseka mpata umenewu pokhazikitsa makomiti a za malo m'midzi, momwe mwa anthu 6 osankhidwa osachepera 3 ayenera kukhala amayi. Koma komiti ya lero singabweze gombe limene linapita zaka 30 zapitazo.

Ogulawo si azungu okha, monga ena amaganizira. Ambiri masiku ano ndi Amalawi: amalonda, akuluakulu a m'boma, andale, makampani, mabungwe. Mipingo nayo ili ndi malo m'mbali mwa nyanja, ndipo funsoli silidumpha mpanda wa mishoni. N'zotheka mwini koteji ndi mayi amene anabwezedwa pageti Lachisanu kukhala pa benchi imodzi Lamulungu n'kupatsana moni wa mtendere. Pakati pa awiriwa pali mlonda, amene nthawi zambiri ndi mwana wa mudzi womwewo. Ntchito yake ndi kuuza azakhali ake kuti, "Pepani amayi, pano ayi, abwana anakana." Akawalola, ntchito yatha. Akawabweza, madzulo akadyera nawo nsima pa mkeka umodzi. Mwini malo amene amaika mnyamata pamalo otere ayenera kudziwa kuti katundu amene wamusenzetsa ndi wolemera kuposa malipiro ake.

Eni malo ena, amitima yabwino, amasiya geti lotsekula m'mawa kuti amayi atunge, kapena amalola asodzi kukocheza kumapeto kwa gombe. Izi ndi zoyamikirika, ndipo zimachepetsa mavuto ambiri. Koma chifundo chotere chili ndi malire ake. Chimene wapatsidwa mwa chifundo ukhoza kulandidwa mopanda mlandu. Mwini akadwala, akagulitsa, akabwera manejala watsopano, kapena mwana mmodzi wa m'mudzi akaba thaulo, geti limatsekedwa, ndipo palibe koti n'kukadandaula. Komanso chimasintha mmene anthu amaonerana. Mayi amene agogo ake ankatunga pamenepo popanda kupempha tsopano ayenera kuthokoza, kutsitsa mawu, ndi kusamala kuti asakhumudwitse abwana. Wasanduka mlendo pakwawo. Mwini malo naye amayamba kudziona ngati wopereka mphatso, pamene akungobweza kagawo ka chimene sichinali chake. Mfundo yakale ya Mpingo, imene Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unaibwereza mu 1965, ndi yakuti chimene munthu ayenera kulandira mwa chilungamo chisaperekedwe ngati mphatso ya chikondi. Mjigo umene loji yakumba kumudzi ndi mphatso, ndipo ndi yabwino. Koma sungakhale mtengo wa njira, chifukwa pamjigo bwato silikocheza.

Sikuti kutseka kulikonse ndi kulanda. Anthu a kunyanja amadziwa bwino kutseka. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira ku Salima, usodzi umaimitsidwa chaka chilichonse m'nyengo ya mvula kuti utaka uswane, ndipo mwambo umenewu wakhalapo zaka zambiri mothandizidwa ndi asodzi eniake. Boma nalo limaletsa makoka kumapeto a chaka pamene chambo chikuswana. Ku Cape Maclear, malo otetezedwa amene anakhazikitsidwa mu 1980, omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wake mu 1984, amateteza madzi a mamita 100 kuchokera kugombe chifukwa cha mbuna, nsomba zokongola zija za m'miyala, ndipo mudzi wa Chembe unasiyidwa pamalo pake. Madandaulo aliko, koma kutseka kwa mtundu umenewu n'kosiyana ndi kwa mpanda wa waya. Ku Mbenji lamulo limagwira aliyense, ndi m'bale wa mfumu yemwe, ndipo nyengo ikatsegulidwa onse amapindula. Mpanda wolowa m'madzi umagwira ena onse kupatula amene anaumanga, ndipo ulibe tsiku lotsegulira.

Anthu wamba nawo ali ndi mangawa awo, ndipo ufulu wa njira suwachotsa. Gombe limene aliyense amati ndi lake koma palibe wolisesa limadzaza mapepala a pulasitiki ndi mamba a nsomba. Kusodza ndi neti ya udzudzu kumapha timwana ta nsomba za chaka chamawa. Kuzungulira mlendo ndi malonda mpaka athawire m'chipinda kumathamangitsa ndalama zimene mudzi womwewo ukanadya. Makomiti a m'madoko, amene lamulo la za usodzi la 1997 linawatsegulira njira, ali ndi ntchito pano yoposa kulanda maukonde oletsedwa: zimbudzi padoko, dzenje la zinyalala, malire a poyanika nsomba ndi posambira. Mudzi umene umasamala doko lake umalankhula ndi mphamvu pamaso pa mwini loji ndi pamaso pa khonsolo. Koma wakuba akaba, mlandu ndi wa wakubayo. Apite kwa mfumu kapena kupolisi. Kutsekera mudzi wonse madzi chifukwa cha dzanja la munthu mmodzi ndi chilango chimene ngakhale khoti silipereka.

Mu 2024 nyanja inalowerera yokha pa mkanganowu. Madzi anakwera kupitirira mamita 476 poyeza kuchokera pa mlingo wa nyanja zamchere, kuyandikira pamene anafika mu 1980, ndipo ku Mangochi ndi madera ena analowa m'maloji, m'makoteji ndi m'nyumba za anthu. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Bungwe la National Water Resources Authority linakumbutsa anthu kuti m'munsi mwa mzere wa mamita 477 simuyenera kumangidwa, chifukwa ndi malo a nyanja ngakhale itawasiya zaka zambiri. Palibe chosekera pamenepa. Operekera zakudya ndi ochapa zofunda anakhala pakhomo opanda malipiro, ndipo nyumba za zidina za asodzi zinagwa msanga kuposa za simenti. Koma chaka chimenecho chinaonetsa chinthu chimodzi poyera. Mbali ya gombe imene anthu amakanganirana kwambiri, mchenga wa pakati pa madzi ndi mtunda, ndi imene nyanja imabwera kudzatenga ikafuna. Chinanso, eni malo ambiri anapempha kuti zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde, zimene zakhala zikuwongolera madzi otsikira mu Shire kuyambira 1965, zitsegulidwe kwambiri kuti nyanja itsike. Oyang'anira anayenera kuganiziranso za makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndi za anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amene madziwo akanakawapeza. Munthu amene ankati gombe ndi lake yekha anapezeka akupempha kuti dziko lonse limusenzeko madzi ake. Pempholo silinali lolakwika. Linangotsimikiza kuti nyanja imamanga pamodzi anthu amene mpanda unawalekanitsa, ndipo amene amadalira anzake madzi akakwera sangawakane madzi akatsika.

Chimene chilungamo chikufuna pano si chachikulu monga eni malo ena amaopera. Palibe akunena kuti khonde la loji likhale msika, kapena kuti mlendo asambire pakati pa maukonde. Chofunika ndi njira zotsikira kumadzi pamipata yoti mayi wa ndowa angaikwanitse, zotakata moti anthu onyamula khoka kapena ngolo ya nsomba ingadutse. Chofunika ndi madoko odziwika, olembedwa m'dzina la mudzi, osagulitsika ndi mfumu kapena ndi banja. Ndipo mpanda uzithera kumtunda, kuti woyenda m'mbali mwa madzi ndi msodzi wothawa mwera apeze popondapo. Kumene gombe silinagulitsidwe, monga m'madera ena a Nkhotakota ndi kumpoto, ntchitoyi ndi yosavuta: njira ziikidwe pa mapu ndi mabikoni lizi isanasainidwe. Miphakati ndi makomiti a Chilungamo ndi Mtendere a m'maparishi a kugombe akhoza kuyamba ndi chinthu chapafupi, kuyenda ndi akuluakulu a m'mudzi n'kulemba njira zakale ndi zimene zatsala, zisanaiwalike pamodzi ndi amene ankazidziwa.

Povuta ndi pamene mipanda inagundana kale. Pamenepo njira singatuluke popanda wina kutaya kanthu, ndipo aliyense amaloza mnzake. Eni mapoloti awiri oyandikana akhoza kubweza mpanda aliyense mita imodzi ndi theka, pakhale njira ya mamita atatu, ndipo mtengo wogumula ndi kumanganso ukhoza kugawidwa ndi khonsolo, imene inavomereza mapulaniwo poyamba. Amene anagula mwachilungamo, atauzidwa ndi ofesi ya Boma kuti zonse zili bwino, ali ndi chifukwa chofunsira chipepeso, ndipo chipepesocho chichokere kwa amene anasaina, osati kwa asodzi. Kumene eni malo akana, mpata umabwera pamene poloti ikugulitsidwa, pamene mwini akupempha chilolezo chomanga zina, kapena pamene lizi ikukonzedwanso ku Unduna wa za Malo. Nthawi imeneyo fayilo imakhala yotsekula patebulo la munthu wa m'boma, ndipo njira ya kumadzi ikhoza kulembedwamo ngati imodzi mwa mfundo za lizi.